Wina amagona chagada, wina amasambira chafufumimba

Agogo anga aamuna ankadana ndi katumbu kuposa mwera. Mwera, iwo ankati, umauonera patali, umakokera bwato kumtunda n'kudikira kuti udutse. Koma katumbu amakudyera thukuta lako iwe uli m'tulo. Ankatchera matchera madzulo cha kumiyala, kunsi kwa mudzi wathu wa Chembe, mbandakucha n'kupalasa kukawonjola, ndipo masiku ena ankapeza chambo chatsala mutu wokha, ukonde utabooka malo awiri atatu. Tsiku lotero linkathera pansi pa mtengo akusoka, ife adzukulu tikuwagwirira ulusi pakamwa tili chete. Malo amene alendo amawatchula kuti Otter Point ku Cape Maclear sanangopatsidwa dzinalo. Akatumbu analipodi, ndipo ndili mwana ndinawaonapo kangapo, timitu takuda tikuvuuka ndi kumira pakati pa matanthwe, pakhosi pali timawangamawanga toyera.

Lero ndimakhala ku Victoria, kumapeto kwa chilumba cha Vancouver Island kuno ku Canada, ndipo ndimagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ndikaweruka 7 koloko m'mawa tulo sitibwera msanga, ndiye ndinazolowera kutsikira ku Ogden Point, komwe kuli chikhoma chachitali cha miyala chotchinga mafunde, chimene anthu amayenda pamwamba pake. Fungo la kumeneko si la kwathu. Doko la kwathu limamveka usipa ndi utsi, la kuno limamveka mchere ndi ndere zowola. Miyezi yanga yoyamba, mitengo, mbalame, nsomba, zonse zinali zopanda dzina m'chinenero changa, ndipo zimenezi zimasungulumwitsa kuposa mmene munthu angaganizire.

Ndiye m'mawa wina, kuli chifunga, ndinaona mitu itatu yakuda ikudula madzi motsatana. Umodzi unamira: msana unapindika, mchira wautali n'kulowa pomaliza. Posakhalitsa mwini mutuyo anavuuka ndi nsomba yaphwatalala kukamwa, n'kuikokera pamwala pansi pomwe ndinaima. Anaipondereza ndi timanja take n'kuyamba kuikukuta ndi mano a m'mbali, mutu atadzutsa, maso atatsinzina. Ndinkamva minga ikuthyoka. Anzake awiri aja anakwera nawo, akuterereka pa ndere, akukwerana pamsana. Ndinangozindikira ndanena mokweza ndili ndekha kuti, "Katumbu!"

Ndinajambula msangamsanga pafoni n'kutumiza pa gulu la banja la WhatsApp. Mumzinda uno masitolo a alendo adzaza ndi zidole ndi makadi a nyama yomwe amati sea otter, katumbu wa m'nyanja yamchere, ndiye ndinalemba kuti ndamuona ndi maso anga. Pambali panga panaima mayi wina wachikulire, wa imvi, magalasi oonera patali ali m'khosi. Ndinamuonetsa chithunzicho mokondwa n'kumuuza dzina limene ndinalemba.

"Ayi bambo, amenewa ndi a mumtsinje," anatero mofatsa.

"Koma amayi, mtsinje uli kuti pano? Awa si madzi amchere?"

"Madzi musawayang'ane. Yang'anani mmene wagonera. Mukamuona wagona chagada, chakudya chili pamimba, mudzabwere mudzandiuze."

Mawu amenewa ndi amene ndakhala ndikuwauza aliyense wobwera kudzatichezera, chifukwa pafupifupi aliyense amaphonya pomwe ndinaphonya inepo. Dzina ndi limene limasocheretsa. Katumbu amene amamutchula kuti river otter, akatswiri amati Lontra canadensis, sakhala mumtsinje mokha. M'gombe lonseli, kuchokera ku California mpaka ku Alaska, amasodza m'madzi amchere tsiku ndi tsiku, amagwira nkhanu madzi akaphwera, amakwera pa madoko a maboti. Kuno ku Victoria, ku Vancouver, ngakhale kutsidya ku Seattle, ukaona katumbu padoko, pafupifupi nthawi zonse ndi iyeyu. Winayo amapezeka mwa apo ndi apo, monga mmodzi amene wakhala akuoneka kwa zaka zingapo ku tizilumba ta Race Rocks, kumwera chakumadzulo kwa mzinda uno.

Wa mumtsinjeyu ndinamuzolowera msanga chifukwa amafanana kwambiri ndi uja wa ku Chembe. Amasambira chafufumimba, thupi lonse lili m'madzi, pamwamba pakungooneka mutu waphwatalala ndi kamsana pang'ono. Sakhazikika. Wamira apa, wavuukira apo, watembenuka, wakwera pamwala, wadzigudubuza, wabwereranso. Mchira wake ndi wautali, wonenepa kutsinde, wosongoka kunsonga, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake konse. Amalemera makilogalamu 5 mpaka 14, ngati kagalu. Pamtunda amathamanga modumphadumpha msana utakhota, ndipo ndamuonapo akudutsa msewu wa Dallas Road m'mawa, galimoto zitaima kumudikira. Ana ake amaberekera mu una pamtunda, kawirikawiri awiri kapena atatu, ali osaona. Una umenewo nthawi zina umakhala pansi pa khonde la munthu kapena m'kanyumba kosungira boti, ndipo eni maboti kuno amamudandaula mofanana ndi agogo aja. Ali ndi malo ake amodzi ochitira chimbudzi, omwe amabwererako nthawi zonse. Ukapeza padoko mulu wa ndowe zodzaza mamba a nsomba ndi tizigoba ta nkhanu, fungo lake loboola m'mphuno, usafunsenso kuti ndi wa mtundu uti. Wa m'nyanja sasiya zotero pamtunda.

Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndimuone winayo. Tinasunga ndalama, ine ndi mayi a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi, n'kuyenda ulendo wa maola asanu pagalimoto, kudutsa Nanaimo ndi Port Alberni, kukwera mapiri mpaka kutsikira ku Tofino, mbali ya chilumbachi yoyang'ana nyanja yaikulu ya Pacific. Kumeneko tinakwera boti laling'ono la alendo lolowa mu Clayoquot Sound. Atativeka zovala zochindikala zofiira, woyendetsa anatiuza kuti madzi amenewo amazizira cha m'ma digiri 10, ndipo munthu wogweramo manja amauma m'mphindi zochepa. Tinayenda nthawi ndithu, mafunde akutikweza ndi kutitsitsa ngati tikuwoloka kupita ku Likoma mwezi wa Julayi. Kenako anazimitsa injini pafupi ndi malo amene ndere zazitali za kelp zinayala pamwamba pa madzi ngati mphasa, n'kuloza.

Ine ndinangoona zipika zoyandama. Mwana wanga ndi amene anayamba kukuwa kuti, "Adadi, chipikacho chili ndi mapazi!"

Analidi mapazi. Mbali imodzi mutu wozungulira, wotuwa ngati wa nkhalamba ya imvi, ndevu zili nyankhalala. Mbali inayo mapazi awiri akuluakulu, aphwatalala ngati nkhafi, atatukulidwa m'mwamba. Pakati pake mimba. Anagona chagada, timanja atatipinda pachifuwa, chingwe cha kelp atadzikulunga nacho m'chiuno kuti madzi asamutenge ali m'tulo. Titayang'anitsitsa tinawerenga oposa 20, onse ali phee, akukwera ndi kutsika ndi funde. Mmodzi anadzuka n'kuyamba kudzitikita m'masaya ndi manja onse awiri, kenako anagubuduka m'madzi kawiri katatu ngati akuzunguza chinthu, n'kubwerera chagada.

Kukula kwake kunandidabwitsa. Makadi aja amamuonetsa ngati kamphaka, koma wamphongo wamkulu amafika makilogalamu 45, kungotsala pang'ono kukwana thumba la chimanga, ndipo kutalika kwake kumayandikira mita imodzi ndi theka. Mchira ndi waufupi, waphwatalala. Akatswiri amamutchula Enhydra lutris. Moyo wake wonse ukhoza kuthera m'madzi: amadyera momwemo, amagona momwemo, amaberekera momwemo. Pamtunda amakwerapo mwa kamodzikamodzi, ndipo akatero amayenda mokwawa, movutikira, mapazi aja akumulemera.

Chimene sindidzaiwala ndi phokoso. Chapatali pang'ono panali mmodzi amene ankamira n'kukhala pansi ngati mphindi imodzi. Atavuuka anagona chagada, anaika mwala pamimba, n'kuyamba kumenyetsapo nkhono ya zigoba ziwiri atayigwira ndi manja onse. Kho, kho, kho, phokoso likuyenda pamwamba pa madzi ngati munthu akuswa mtedza pa mphero kuseri kwa nyumba. Itasweka anakokota nyama yake, anagubuduka kamodzi kutsuka zotsalira pamimba, mwala uja osautaya, n'kumiranso. Woyendetsa boti anatifotokozera kuti kukhwapa kwake kuli chikopa cholendewera ngati kathumba, momwe amasungiramo chakudya, nthawi zinanso mwalawo. Mbalame ziwiri zinkayandama pambali pake kudikira nyenyeswa.

Panalinso wamkazi ali ndi mwana pachifuwa. Amabereka mmodzi basi, ndipo amamunyamula pamimba monga mayi wa kwathu amene wagoneka khanda pachifuwa pamkeka. Akafuna kukasaka amamusiya pamwamba pa madzi, ndipo mwanayo samira, chifukwa ubweya wake waukhanda umasunga mpweya wochuluka moti ngakhale atafuna kulowa pansi sangathe. Amangoyandama akulira mokweza, kulira kwake ngati kwa mwana wa munthu. Mayi a kunyumba atamva anandigwira dzanja.

Ubweya umenewu ndi umene umafotokoza khalidwe lake lonse. Nyama zina za m'madzi ozizira, monga anamgumi ndi ma seal (nyama zoyamwitsa za m'nyanja zokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo), zili ndi mafuta ochindikala pansi pa khungu. Iyeyu alibe. Amadalira ubweya wokha, ndipo palibe nyama ina padziko yokhala ndi ubweya wothithikana chotero: pa kamalo kofanana ndi chikhadabo chanu pakhoza kukhala tsitsi lofika 150,000, kuposa tsitsi lonse la m'mutu mwa munthu. Mpweya wotsekeredwa mkati mwa ubweyawo ndi umene umaletsa madzi kufika pakhungu. N'chifukwa chake amathera maola ambiri akudzipesa, kudzitikita ndi kuuzira mpweya mu ubweya, ndipo n'chifukwa chake amatukula manja ndi mapazi kunja kwa madzi akamagona, pakuti mmenemo ubweya ndi wochepa. Kuti thupi likhale lofunda amadyanso modabwitsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake tsiku lililonse. Ubweyawo ukada ndi mafuta a sitima, watha. Sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Prince William Sound ku Alaska mu 1989, akatumbu amenewa anafa m'zikwi, ambiri chifukwa cha kuzizira.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene chimandipweteka ndikachiona. Anthu ena opalasa timabwato amayandikira kwambiri pofuna chithunzi chabwino. Katumbu wogona uja amadzutsa mutu, amakuyang'ana, kenako amamira, ndipo manja amene anawaumitsa kwa nthawi yaitali anyowanso, ntchito yodzipesa iyambirenso, mphamvu zimene anazipeza movutikira zapita. Kwa wamkazi woyamwitsa, amene amakhala ataonda kale, zimenezi si zazing'ono. Akakuyang'ana ndiye kuti wayandikira mopitirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nyama iyi ndi zoona ndithu: tonsefe tinaona mwala uja, mwana uja, chifukwa injini inali yozima ndipo tinakhala patali.

Ubweya womwewo ndi umene unatsala pang'ono kumumaliza. Amalinyero a ulendo wa Vitus Bering wa 1741 atabwerera ku Russia ndi zikopa zake, malonda anayamba. Mu 1778 James Cook anaima ku Nootka Sound, kumpoto kwa Tofino pachilumba chomwechi, ndipo anthu ake anagula zikopa kwa eni dera n'kukazigulitsa ku Canton ku China pa mtengo umene sanauyembekezere. Mbiri itamveka, sitima za ku Britain ndi ku America zinakhamukira kuno. Akatumbu amenewa, omwe akuti analipo pakati pa 150,000 ndi 300,000 kuchokera ku Japan mpaka ku Mexico, anatsala 1,000 kapena 2,000 basi pofika 1911, chaka chimene America, Russia, Japan ndi Britain anasainirana pangano loletsa kuwasaka. Kuno ku British Columbia panganolo linabwera mochedwa: wotsiriza wodziwika anawomberedwa kufupi ndi Kyuquot mu 1929. Kwa zaka 40 gombe lonseli linalibe ngakhale mmodzi. Amene tinawaona ife ndi zidzukulu za akatumbu 89 amene anatengedwa ku Alaska pakati pa 1969 ndi 1972 n'kudzatulidwa ku Checleset Bay. Ena mwa iwo anachokera pachilumba cha Amchitka, pomwe dziko la America linkayesera mabomba a nyukiliya pansi pa nthaka. Pa kalembera wa 2017 anapezeka kuti apitirira 8,000. Ku California nkhani yake ndi yofanana: kagulu ka pafupifupi 50 kanapulumuka mobisika ku Big Sur n'kudziwika kwa anthu mu 1938, ndipo lero alipo cha m'ma 3,000.

Kubwerera kwawo kunasintha pansi pa nyanja. Kuli tinyama tina tozungulira, taminga thupi lonse ngati kanungu, totchedwa sea urchin, timene timadya tsinde la kelp. Pakasowa katumbu timachulukana n'kuseteka zonse, pansi n'kutsala miyala yokhayokha. Katumbu amatidya kwambiri moti ena mano awo amasanduka ofiirira. Mu 1974 James Estes ndi John Palmisano anaonetsa zimenezi poyerekeza zilumba za Aleutian zokhala ndi akatumbu ndi zopanda: kumene aliko, kelp amamera ngati nkhalango, ndipo m'nkhalango imeneyo ndi momwe nsomba zimabisala ndi kuswana. Choncho ukafuna wa m'nyanja, funa kaye kelp, kumbali yoyang'ana nyanja yaikulu, kumene kuli miyala ndi mafunde.

Komabe kelp yemweyo amanamiza. Mtundu wina uli ndi chibulunga kunsonga, chachikulu ngati chibakera, chimene chimayandama n'kumamira ndi kuvuuka ndi funde, ndipo ndathera mphindi zambiri ndikuyang'anitsitsa chibulunga chotero. Palinso seal, wamutu wosalala wozungulira ngati mpira, wopanda makutu ooneka, maso akuluakulu. Iye amakuyang'ana kwa kanthawi kenako n'kutitimira pansi choimirira, mphuno pomaliza, osapinda msana. Ndipo akatumbu eniakewo nthawi zina amasinthana makhalidwe: wa mumtsinje amatha kugadama kwa kamphindi akuseweretsa nsomba, wa m'nyanja akamathamanga amasambira chafufumimba. Kuyang'ana kamodzi sikukwanira. Dikira pang'ono. Wa mumtsinje sachedwa kutembenuka n'kulowera kumtunda, wa m'nyanja akangoima amabwerera chagada, mapazi m'mwamba.

Pobwerera kudoko, woyendetsa boti uja, bambo wa mtundu wa Nuu-chah-nulth, eni gombe limenelo kuyambira kalekale, ananena zimene sizilembedwa pa makadi. Anati akatumbu aja atabwezedwa palibe anafunsa anthu a m'midzi ya kumeneko. Magombe amene agogo ake ankakumbako nkhono madzi akaphwera, ndi malo amene ankatolako ma sea urchin ndi nkhanu, lero ambiri atsala zigoba. Kale mafumu awo ndi amene ankavala zikopa zimenezi, ndipo alenje awo ankasaka katumbu kufupi ndi midzi, motero ankakhala patali ndi malo a chakudya cha anthu. Sanalankhule mokwiya. Iye yemweyo ndi amene anazimitsa injini patali kuti tisawadzutse, ndipo ndalama imene tinamulipira inabwera chifukwa cha nyama yomweyo. Anzanga ena m'botimo, ochokera m'mizinda, anaoneka osamasuka kumva zotere za nyama yokongola chonchija. Ine sizinandivute kumva. Ndinakulira pansi pa mtengo uja ndikugwira ulusi, ndipo ndikudziwa nkhope ya munthu amene wapeza kuti ndiwo za ana ake zadyedwa usiku. Ndimafuna akatumbu amenewa achuluke, ndipo ndimaonanso kuti anthu a m'midzi imeneyo ayenera kukhala ndi mawu pa magombe awo.

Mayi wa imvi uja ndinakumana nayenso ku Ogden Point patatha milungu ingapo, ndipo ndinamuuza kuti ndamuona wogona chagada. Anandifunsa za akatumbu a kwathu. Ndinamufotokozera kuti tili nawo a mitundu iwiri: wamawanga pakhosi uja wa m'nyanja ya Malawi, wamng'ono, wosodza ndi maso m'madzi oyera, ndi wina wamkulu wopanda zikhadabo, amene amafufuza nkhanu pansi pa miyala ndi zala ngati munthu. Anandipempha kuti ndimuphunzitse dzina lathu, ndipo analibwereza kangapo mpaka analitchula bwino.

Usiku wa tsiku limene tinabwera ku Tofino ndinatumiza kavidiyo ka uja woswa nkhono kwa amalume anga, amene anatenga bwato la agogo ndipo akusodzabe ku Chembe. M'mawa mwake anandiimbira. Anati anakaonetsa anzawo padoko, ndipo anakaonera mobwerezabwereza mpaka foni inatha moto. Ena ankakana kuti si katumbu ameneyo, katumbu sagona chagada ngati munthu wokhuta.

"Nanga mphwanga, ameneyo amang'ambanso ukonde?"

Ndinawauza kuti ayi amalume, wa kunoyu nsomba sazilabadira kwenikweni, amadya za pansi, nkhono ndi nkhanu. Wong'amba ndi winayo, wa mchira wautali. Anakhala chete pang'ono, kumbuyo ndikumva mafunde ndi ana akuitanizana, kenako anandiuza kuti ndiwatumizirenso kavidiyo ka winayo, amuone ngati akufanana ndi amene anawadyera kampango sabata yatha.